Mwana wanga wasankhidwa kukaphunzira za madzi ku Mzuni: kodi akakhala wokumba mijigo?

Funso: Ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Chibavi muno mu Mzuzu ndipo ndimagulitsa ndiwo zamasamba mumsika. Mwana wanga wamkazi wasankhidwa kukachita maphunziro a za madzi ku Mzuzu University (Mzuni). Abambo ake akuti adikire adzayese unamwino, poti za madzi n'zokumba mijigo ndipo ntchito zake kulibe. Kodi zaka zinayi zonsezo akakhala akuphunzira chiyani? Nanga akamaliza adzadya chiyani?

Yankho: Mayi, mwagwira ntchito yaikulu. Kuphunzitsa mwana wamkazi ndi ndalama za tomato ndi mpiru mpaka dzina lake kutuluka pa mndandanda wa osankhidwa ku yunivesite ya boma si chinthu chapafupi. Ine ndakhala pa ntchito ya madzi zaka zoposa 20, zambiri mwa izo kuno kumpoto, ndipo ana ambiri a m'sukulu za ukachenjede adutsa m'manja mwanga pa nthawi ya atachimenti. Ndikuyankhani ngati mchemwali wanga, zokoma ndi zowawa zomwe.

Abambo ake sananame kwenikweni. Mjigo adzaugwira ndithu, ndipo ineyo ndikufuna adzaugwire. Pamene aphonya ndi poganiza kuti nkhani ya madzi imayambira pa mjigo n'kuthera pomwepo.

Tiyambire pa mpopi wa ku Chibavi komweko. Madzi amene mumatungawo amachokera ku damu la Lunyangwa, ndipo damulo limadzaza ndi mvula yogwa m'mapiri ndi m'nkhalango ya Kaning'ina. Kuti afike kwa inu pamafunika munthu wodziwa kuchuluka kwa mvula imene yagwa, gawo limene lalowa m'nthaka, gawo limene lathamangira mumtsinje, komanso matope amene akutsikira m'damu anthu akamagwetsa mitengo kuotcha makala. Pamafunika wina woyeza mankhwala: alamu wokhazika matope pansi, ndi klorini wokwanira kupha tizilombo mpaka pa mpopi wa kumapeto kwenikweni kwa paipi, koma wosachuluka mpaka anthu kuyamba kuwakana madziwo chifukwa cha fungo. Mzinda wathu ndi wa zitunda ndi zigwa, ndiye wina ayenera kuwerengera kukula kwa paipi ndi malo oikapo thanki kuti a pamtunda asamagone ndi ludzu uku a kumunsi mapaipi akuwaphulikira. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 134,000 mu Mzuzu, wa 2018 anapeza 221,272. Mvula ya ku Kaning'ina sichuluka chifukwa choti anthu achuluka. Wina ayenera kukhala pansi lero n'kuwerengera komwe mzindawu uzidzamwa zaka 20 zikubwerazi. Anthu otere sagwa kumwamba, amachita kuphunzitsidwa, ndipo mwana wanu waitanidwa kuti akhale mmodzi wa iwo.

Maphunziro ake ndi a sayansi, ndipo masamu sawathawa. Ndikupatseni chitsanzo cha pakhomo panu. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa malo otalika mita imodzi ndi kutambalala mita imodzi, ndiye kuti pagwa lita imodzi ya madzi. Denga la malata la mamita 8 mulitali ndi mamita 6 mulifupi likalandira mvula ya mamilimita 20, yomwe kuno ku Mzuzu imagwa madzulo amodzi okha, latsitsa malita 960. Amenewo ndi zidebe 48 za malita 20. Kuwerengera komweku, mukakukuza kuchoka pa denga kufika pa mapiri onse othira madzi mu Lunyangwa kapena mu South Rukuru, ndi kumene kumatiuza kukula kwa damu loyenera kumangidwa, kutalika kwa mlatho, ndi mahekitala amene mtsinje ungathirire mu Okutobala popanda kumana a kumunsi.

Akaphunziranso madzi a pansi pa nthaka. Anthu ambiri amaganiza kuti pansi pali nyanja, ukangoboola paliponse uipeza. Sizili choncho. Mbali yaikulu ya dziko lathu yakhala pa thanthwe lolimba lakalekale, ndipo madzi amakhala m'gawo limene thanthwelo lafumbwa ndi m'ming'alu yake. Ndicho chifukwa chake mjigo wina umatulutsa madzi chaka chonse pamene wina, woboola pa mtunda wosakwana bwalo la mpira, ndi wouma. Akaphunzira kuyeza madzi mu labotale, pakuti madzi oyera m'maso akhoza kukhala ndi tizilombo ta m'chimbudzi. Muyezo wa bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO ndi woti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo ka E. coli ndi kamodzi komwe. Kwina vuto ndi mchere, monga ku Chikwawa ndi Nsanje komwe mijigo ina anthu anaisiya chifukwa madzi ake samweka. Kwina ndi fluoride wochuluka amene amadetsa mano a ana. Pamwamba pa izi pali malamulo: lamulo la 1995 limene linakhazikitsa mabungwe asanu ogawa madzi a m'mipopi, kuphatikizapo Northern Region Water Board, ndi lamulo la 2013 limene linakhazikitsa National Water Resources Authority, yopereka zilolezo zopatutsa madzi mumtsinje kapena kuboola mjigo.

Zonsezi akaziphunzira m'kalasi, ndipo n'zofunika. Koma Mayi, chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi: kalasi payokha situlutsa katswiri wa madzi. Ine ndinazidziwa mowawa.

Ndidakali watsopano pa ntchito ndinatumidwa kukayang'anira kuboola mjigo m'mudzi wina m'boma la Mzimba. Unali mwezi wa Epulo, mvula itangokata kumene, nthaka idakali yokhuta. Makina asanapite patali madzi anatumphuka. Amayi anaimba nthungululu, amfumu anatumiza mwana kukagwira nkhuku. Mkulu wa oboolawo, munthu wamkulu msinkhu wa bambo anga, anandiuza kuti palibe chifukwa chopitirira pansi, dizilo ndi wodula ndipo midzi ina ikudikira. M'mabuku ndinkadziwa kuti mjigo watsopano umapopedwa maola angapo osalekeza, uku ukuyeza mmene madzi akutsikira, ndipo ukasiya uyezenso mmene akubwererera. Tinapopa kanthawi kochepa, madzi akutuluka bwino, ndipo ndinasaina. Pofika Okutobala mjigowo unaphwa. Amayi aja anabwerera ku chitsime cha kudambo komwe ng'ombe zinkamwanso. Kontilakitala anali atalandira kale ndalama zake. Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti m'mabuku a boma mudziwo unalembedwa kuti uli ndi madzi abwino, ndiye mijigo ina itabwera anaudumpha. Siginecha yanga inawamana madzi kwa zaka.

Chimene ndinasowa tsiku limenelo sichinali nzeru za m'buku. Ndinali ndisanaonepo mjigo ukuyesedwa moyenera kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo panalibe wamkulu pambali panga wondiuza kuti mwana iwe, usasaine. Masamu ake anali osavuta. Muyezo umene timagwiritsa ntchito ndi wa anthu 250 pa mjigo umodzi. Aliyense akatunga malita 20 okha patsiku, akwana malita 5,000. Mjigo wotulutsa kota ya lita pa sekondi umapereka malita 900 pa ola, kutanthauza kuti uyenera kupopedwa maola oposa asanu tsiku ndi tsiku, m'chilimwe momwe, osatsamwa. Kupopa mphindi zochepa mu Epulo sikungakuuze zimenezo.

Apa ndi pamene pagona vuto la kaphunzitsidwe ka akatswiri a madzi m'maiko osauka ngati lathu. Aphunzitsi odziwa alipo, ana anzeru alipo. Chimene chimachepa ndi galimoto ndi mafuta opititsira kalasi yonse kumtsinje, mankhwala a mu labotale, zida zoyezera, ndi malo a atachimenti komwe mwana amagwiradi ntchito. Ndaonapo ana akutha miyezi itatu ya atachimenti akufotokopa mapepala ndi kutumidwa tiyi, kenako n'kulembedwa kuti aphunzira. Mabuku ambiri amene timaphunzitsira analembedwa kumaiko komwe mitsinje imayenda chaka chonse ndipo ziwerengero zake zinasungidwa kwa zaka zambirimbiri. Yathu ina imasefukira mu Febuluwale n'kusanduka mchenga mu Seputembala. North Rukuru akakwiya ku Karonga safunsa buku. Songwe amasuntha njira yake, n'kusiya munda wa munthu tsidya la Tanzania. Mwana amene anangoloweza zitsanzo za kunja amafika pa mitsinje yotere n'kusowa poyambira.

Nkhani ya ziwerengero ndiimepo pang'ono, chifukwa imandidya mumtima. M'mbali mwa milatho ina mumaona chitsulo chokhala ndi manambala ngati rula, choimikidwa m'madzi. Pamenepo pamayenera kukhala munthu wowerenga msinkhu wa madzi tsiku lililonse n'kulemba m'buku. Ntchito yooneka yonyozeka, koma ndi maziko a zonse. Tikudziwa kuti kuyambira 1915 mpaka cha m'ma 1935 nyanja ya Malawi inatsika mpaka mtsinje wa Shire unaleka kutuluka m'nyanjamo, chifukwa alipo amene analemba. Taganizani zitachitikanso lero, pamene magetsi athu ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire yemweyo. Mu 2024 nyanja yomweyo inakwera n'kumiza magombe, nyumba ndi malo ogona alendo. Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo a mu Mzuzu tinaziona mu Epulo 2016 pamene madzi anabwerera m'madambo momwe anthu anamangamo nyumba. Koma m'malo ambiri amene ndayendamo ndapeza zitsulo zija zitakokoloka kapena kubedwa, owerenga atasiya chifukwa cha kusalipidwa, mabuku ali ndi mipata ya zaka. Katswiri wopanda ziwerengero amangolota. Ndiye tikamaphunzitsa mwana kugwiritsa ntchito kompyuta kulosera za kusefukira kwa madzi, tizimuphunzitsanso kulowa mumtsinje ndi chida choyezera liwiro la madzi, ndi kulemekeza bambo wa m'mudzi amene amawerenga chitsulo chija m'mawa uliwonse.

Mwayi umene mwana wanu ali nawo ndi woti Mzuni, yomwe inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, ili pakati pa zinthu zimenezi. Mu 2009 panakhazikitsidwa likulu la kafukufuku wa madzi ndi ukhondo lotchedwa Centre of Excellence in Water and Sanitation, ndipo mu 2012 panayamba SMART Centre, yophunzitsa amisiri kuboola zitsime ndi manja ndi kupanga mapampu a chingwe otsika mtengo. Damu la Lunyangwa lili pafupi. Nyanja ili kungotsika ku Nkhata Bay. Zitsime zosatetezedwa zokumbidwa moyandikana ndi zimbudzi zili m'makomboni mwathu momwemuno, ena mwa iwo oyenda pansi kuchokera ku Luwinga komwe kuli yunivesiteyi. Mwana wofuna kuphunzira sangasowe poyezera.

Musalolenso wina akuuzeni kuti nzeru za madzi zimangobwera ndi ndege. Mu 1968 ku Chingale m'boma la Zomba anthu a m'midzi anakumba okha ngalande n'kuyala mapaipi otsitsa madzi kuchokera m'phiri popanda injini, ndipo njira imeneyi inafalikira m'maboma ambiri mpaka a maiko ena ankabwera kudzaonera. Pampu ya Afridev, imene ili pa mijigo yambiri m'midzi mwathu ndi m'maiko ena a mu Africa, inakula kuchokera ku pampu ya Maldev yomwe inayesedwa kuno ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Cholinga chake chinali choti anthu a m'mudzi azitha kusolola marodi ndi kusintha malabala okha ndi sipanala imodzi. Lero mijigo yambiri yaima, ndipo ukafufuza upeza kuti kawirikawiri chawonongeka ndi kalabala kotsika mtengo, koma komiti ya mjigo inabalalika, ndalama zosonkha zinadyedwa, kapena sitolo yogulitsa zipangizo ili kutali. Mwana wa digiri amene sanakhalepo pansi pa mtengo ndi komiti yotere, kumva mkangano wa amene anasunga ndalama, sangathetse vuto limeneli ngakhale atakhoza mayeso onse. Ndicho chifukwa chake ndinati ndikufuna mjigo adzaugwire. Ayende ndi makaniko wa mijigo wa m'dera, anyamule marodi, adetse manja. Makaniko ameneyo mwina sanafike Fomu 4, koma amamva kulira kwa pampu n'kudziwa chimene chatha.

Chilankhulo nachonso ndi chida. Kwanu mumayankhula Chichewa, koma akapita ku Mzimba ndi Rumphi akafunika Chitumbuka, ku Nkhata Bay Chitonga, ku Karonga Chinkhonde. Wakulira mu Mzuzu, ndiye Chitumbuka ayenera kuti amachimva. Achinole. Agogo a m'mudzi ndi amene amadziwa kasupe amene sanaphwepo ngakhale chaka cha chilala, ndipo sanena zimenezo kudzera mwa womasulira wothamanga.

Poti ndi mwana wamkazi, ndinenepo mosabisa. Magulu oboola mijigo ndi omanga mathanki ndi a amuna ochuluka, ndipo adzakumana ndi ena omuyesa kamtsikana kongobwera kudzalemba manotsi. Ntchito zina ndi zogona kumudzi masabata. Koma amene amasenza ndowa m'dziko muno ndi amayi ndi atsikana, ndipo pali zinthu zimene amauza mkazi mnzawo zokha: kuti njira yopita ku mjigo imadutsa pamalo poopsa kukada, kuti madzi a mjigo watsopanowo amadetsa nsima ndi zovala n'chifukwa chake abwerera kumtsinje, kuti chimbudzi cha kusukulu atsikana sakulowamo. Atsikana amene ndagwira nawo ntchito amabwera ndi nkhani zimene ine ndinayenda m'mudzi womwewo osazimva.

Tsopano za kudya. Sindikulonjezani kuti akadzangovula gauni ntchito idzakhala ikumudikira pakhomo. Achinyamata ambiri a madigiri akuyenda ndi maenvelopu m'manja, ndipo a za madzi ali m'gulu lomwelo. Ntchito za m'mabungwe omwe si aboma zambiri ndi za makontilakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri, pulojekiti ikatha ntchito yatha. M'maofesi a madzi a m'makhonsolo anthu ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa madera awo, koma kulemba ntchito kumachedwa. Chodabwitsa cha dziko lathu n'chakuti ntchito yofunika kugwiridwa ndi yochuluka, malo olipidwa ndi amene ali ochepa. Komabe makomo ogogoda ndi ambiri kuposa mmene abambo ake akuganizira: mabungwe asanu a madzi aja, unduna woona za madzi, National Water Resources Authority, makhonsolo, nthambi ya ulimi wothirira, kampani yopanga magetsi ya EGENCO, maesiteti a tiyi, khofi ndi nzimbe, makampani oboola ndi olangiza, komanso mabungwe monga WaterAid, Water for People ndi World Vision. Ena ayamba mabizinesi awoawo oika mapampu oyendera dzuwa, kukonza zitsime ndi kupopa zimbudzi m'matauni. Pa anthu amene ndakhalapo nawo pofunsa olowa ntchito, amene amatengedwa msanga ndi wotha kunena kuti ndinayeza mjigo wakutiwakuti, ndinapeza zakutizakuti, ndipo mapu ake ndi awa ndinajambula ndekha pa QGIS, pulogalamu ya pa kompyuta yomwe ndi yaulere.

Kwa abambo ake ndinganene mwaulemu kuti unamwino ndi ntchito yolemekezeka, koma ntchito ziwirizi zimalimbana ndi mdani mmodzi. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nkhata Bay, pafupi pomwepa, ndi limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Anamwino anagwira usana ndi usiku m'matenti kupulumutsa amene anadwala kale. Amene akanachepetsa mzere wa pa tentipo ndi munthu woonetsetsa kuti madzi a pa doko la asodzi ali ndi klorini, ndi kuti chimbudzi chisakumbidwe kumtunda kwa chitsime. Malo a ku yunivesite ali m'manja lero. Kuwasiya n'kumadikira ena amene sanabwere ndi chinthu chofunika kuchiganizira kawiri.

Za kunja musazithamangire. Njira zilipo: maiko a kumwera ndi kum'mawa kwa Africa ali ndi mgwirizano wa WaterNet umene umaphunzitsa digiri yachiwiri ya kasamalidwe ka madzi ku University of Zimbabwe ndi ku University of Dar es Salaam, ndipo ku Netherlands kuli sukulu ya IHE Delft yomwe yaphunzitsa akatswiri ambiri ochokera m'maiko ngati lathu. Langizo langa ndi loti ayambe wagwira ntchito zaka ziwiri kapena zitatu kuno. Wopita kunja atagwirapo amanyamula funso lakelake, la mtsinje umene akuudziwa ndi dzina, ndipo amabwerako ndi yankho lotithandiza. Wopita asanagwirepo kawirikawiri amakagwirira funso la mphunzitsi wake wa kumeneko.

Pa za ndalama, alembere msanga ku bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'sukulu za ukachenjede, asadikire tsiku lotsekera. Kukhala kwanu ku Chibavi ndi phindu, poti atha kumagona pakhomo n'kumapita ku Luwinga pa njinga ya kabaza, imene kuno timati sakaramento, ndalama ya hositelo n'kupita ku zina. Laputopu adzaifuna, ngakhale yakaunjika, makamaka kuyambira chaka chachiwiri. Majombo a mphira ndi kope lachikuto cholimba mumugulire pamodzi ndi zovala za kusukulu.

Ndipo asadikire tsiku lotsegulira kuti ayambe. Apeze chitini cha m'mbali mowongoka, achiike pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo, ndipo m'mawa uliwonse pa ola limodzimodzi aziyeza ndi rula madzi amene agweramo, alembe tsiku ndi mamilimita ake, akhuthule. Tsiku lopanda mvula alembe 0, asasiye mpata. M'kope lomwelo azilemba masiku amene mpopi wanu wauma ndi maola ake, ndi nambala ya pa mita tsiku loyamba la mwezi kuti aziyerekeza ndi bilu. Loweruka lina apemphe abambo ake amuperekeze kukaona mjigo kapena chitsime chapafupi ndi kwanu, akafunse amayi otunga pamenepo kuti chimaphwa mwezi uti, anachikonza komaliza ndani, ndipo ndalama yake inachokera kuti. Mayankhowo alembe ndi deti lake, ndipo kopelo apite nalo ku Luwinga tsiku loyamba.